Kodi Nkulakwa Kusunga Galimoto Imene Siyenda?

Pali funso limene makolo athu sadalidziwe, koma limene lafika tsopano m'nyumba zambiri za m'matauni ndi za pa maboma. Funsolo ndi ili. Munthu ali ndi galimoto ya mtundu umene autcha haibulidi, ija yoyendera petulo ndi magetsi pamodzi. Adaipeza moona, sadabere munthu aliyense. Komatu saiyendetsa, kupatula kamodzi kapena kawiri pa mwezi. Masiku ena onse ili gone pansi pa mtengo wa mango, yofundikidwa ndi lona. Kodi munthu wotere walakwa?

Ambiri adzayankha msanga kuti iai, pakuti chinthucho nchake. Ena adzamtama ndithu, nadzati wachita bwino kawiri: wagula galimoto yosamwa mafuta ambiri, ndipo ngakhale apang'ono omwewo sawatentha. Ine ndiyesa kuti mlanduwu sutha msanga chotero. Anthu amene uwakhudza si olemera okha ai. Alipo aphunzitsi opuma pa ntchito amene adaika ndalama zawo zonse za penshoni pa galimoto. Alipo makalaliki amene nyumba yawo ili pafupi ndi ofesi. Alipo makolo amene ana awo a ku Johannesburg kapena ku London adawatumizira galimoto monga mphatso ya ulemu. Alipo amai amasiye amene idawatsalira m'manja. Onsewa ayenera yankho loganiza bwino, losawanyoza ndiponso losawanyenga.

Tiyambe ndi kudziwa chinthu chimene tikukamba, pakuti munthu sangaweruze bwino za chinthu chimene sadziwa chikhalidwe chake. Dzina lakuti haibulidi lidachokera ku Chilatini. Aroma akale ankatcha hybrida kamwana kobadwa kwa nkhumba ya pakhomo ndi nguluwe ya kuthengo. Ife dzinali tidalimvera poyamba kumunda, pa mbeu ya chimanga, monga SR52 ija imene idatuluka mu 1960 m'dziko limene lero litchedwa Zimbabwe. Ndipo amai athu adazindikira msanga chinthu chimodzi pa chimanga cha haibulidi cha masiku oyambawo: chimabereka kwambiri, koma sichikonda nkhokwe. Cha makolo chimapirira, koma icho anankafumbwe amachilowa msanga. Mukumbukire mau amenewa, chifukwa galimoto ya dzina lomwelo idatengera khalidwe lomweli.

Nzeru yophatikiza injini ndi magetsi si yatsopano. Ferdinand Porsche adaiyesa kale ku Vienna cha m'ma 1900, koma magalimoto akewo adali olemera ndi odula. Imene idafika kwa anthu ambiri ndi Toyota Prius, imene idayamba kugulitsidwa ku Japan m'mwezi wa Disembala 1997. Dzina lakenso ndi Chilatini, kutanthauza choyamba kapena chotsogola. Pambuyo pake padabwera Honda Fit ya haibulidi mu 2010 ndi Toyota Aqua mu 2011, ndipo zimenezi ndizo tiziona kwambiri m'miseu yathu. Ku Japan galimoto iyenera kukayesedwa ndi boma ikatha zaka 3, ndiponso zaka 2 zilizonse pambuyo pake, ndipo kuyesako nkodula. Nchifukwa chake eni ake ambiri amazitaya zikali zabwino. Zimakwera sitima ya pamadzi, zambiri nkutsikira pa Dar es Salaam, nkulowera pa Songwe. Tsono galimoto imene tiitcha yatsopano pofika pakhomo kawirikawiri yatha kale zaka zingapo.

Nanga imapulumutsa bwanji mafuta? Galimoto wamba ikamaima, mphamvu yonse ya liwiro lake imasanduka kutentha pa mabuleki, nitayika. Haibulidi siitaya yonse. Dalaivala akaponda buleki, mota yake ya magetsi imagwira ntchito chobwerera, nisandutsa liwirolo magetsi, niwasunga m'batire lalikulu. Ndipo ponyamuka imatapa magetsi omwewo kuti injini isavutike. Ikaima pa maloboti kapena pa mzere wa magalimoto, injini imazima yokha. Ili ngati mai wochenjera amene amatola ufa wogwa pa mphasa, pamene anzake amausesa. Koma taonani: ufa umagwa pokhapokha pamene mtondo ukulira. Galimoto zimenezi, ndikunena za mtundu umene suchajidwa pa soketi ya m'nyumba, zilibe kwina kopeza magetsi koma pa kuyenda ndi pa kulira kwa injini. Ubwino wake wonse uli m'njira.

Ikagona, ziyamba zina. Ili ndi mabatire awiri. Lalikulu lija, limene mu Aqua yoyamba lili ndi mavolti 144 ndipo mu Prius lipitirira 200, ndilo limadzutsa injini. Koma palinso laling'ono la mavolti 12, ndipo ntchito yake ndiyo kudzutsa kompyuta ndi kulumikiza batire lalikululo ku galimoto. Laling'onoli limatha pang'onopang'ono ngakhale galimoto ili chete, chifukwa maloko ndi alamu zimadya usana ndi usiku. Likatha, galimoto yonse imakhala ngati yakufa, ngakhale lalikulu lili ndi mphamvu: nkhokwe yodzaza, kiyi atatayika. Vuto limenelo amakaniko amalithetsa mosavuta. Loopsa ndi la batire lalikulu, pakuti nalonso limatsika lokha pa miyezi yambiri, ndipo likatsikitsa injini singalire, ndiponso tchaja wamba sangalidzutse. Pafunika zipangizo zapadera, ndipo nthawi zina batire latsopano, limene mtengo wake ungameze zonse zimene mwini wake adayembekeza kupulumutsa. Kutentha kwa dziko lathu kumalikalambitsa msanga. Onjezanipo dzimbiri la pa mabuleki, matayala ophwanyika mbali imodzi, makoswe amene amamanga zisa nadya mawaya, ndi petulo amene amaonongeka akakhalitsa m'thanki, makamaka wa kwathu kuno amene chiyambire 1982 amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe, pakuti ethanol amakoka madzi.

Opanga ake omwe avomereza zimenezi. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19, mu 2020, pamene magalimoto ambiri adaima, a Toyota a ku Britain adalangiza eni mahaibulidi kuti aziyatsa galimoto yawo kwa ora limodzi, kamodzi pa sabata. Ndipo ku America, kuyambira pa magalimoto a 2020, chitsimikizo chawo pa batire lalikulu ndi zaka 10 kapena mamailosi 150,000, chimene chingayambe kukwana. Chimene chingayambe kukwana! Ndiko kuti iwo awerenga zaka ngakhale galimoto siyenda. Munthu amene aganiza kuti poigoneka akuisungira mtsogolo adzinyenga yekha. Akusunga chimanga cha haibulidi m'nkhokwe yopanda mankhwala.

Tsopano tiwerenge pang'ono, monga ana a sukulu. Tiyerekeze kuti haibulidi ipulumutsa malita 2 pa makilomita 100 alionse poyerekeza ndi galimoto ina yaing'ono ya petulo. Mwini takisi woyenda makilomita 20,000 pa chaka adzapulumutsa malita 400. Mphunzitsi wathu wopuma uja, woyenda makilomita 2,000, adzapulumutsa malita 40, kungoposa pang'ono thanki imodzi pa chaka chathunthu. Ndipo popeza lita imodzi ya petulo itulutsa makilogalamu oposa pang'ono 2 a mpweya wa carbon dioxide, umene utenthetsa dziko, wa takisi wapeputsa mlengalenga ndi makilogalamu pafupi 900, pamene mnzake sadafike ndi pa 100 pomwe. Chikhalirecho galimoto ziwirizi zidadya chuma chofanana pozipanga. M'batire ndi m'mota muli nickel, cobalt ndi miyala ina yosowa, ya mtundu umene upezekanso pansi pa Kangankunde ku Balaka ndi pa phiri la Songwe ku Phalombe. Cobalt woposa theka wa pa dziko lonse akumbidwa ku Congo, cha ku Kolwezi, ndipo wina mwa iye amakumbidwa ndi anthu osauka m'maenje oopsa. Thukuta limenelo lidakhetsedwa kale galimoto isanayende ndi kilomita imodzi yomwe. Ndi ngongole, ndipo haibulidi imaibweza pang'onopang'ono pa ulendo uliwonse. Yogona siibweza kanthu.

Pano pali dzenje limene ambiri amagwamo, ndipo ndifuna kulitseka ndisanapitirire. Wina akamva zimenezi amati: tsono ndiziyenda kwambiri, kuti galimoto yanga ipindule. Ameneyo ali ngati munthu wodwala dala kuti mankhwala amene adagula asapite pachabe. Kutentha malita 4 kuti munene kuti mwapulumutsa 2 si nzeru konse. Munthu amene apita ku msika pansi kapena pa njinga atentha mafuta ochepa kuposa mwini haibulidi aliyense, ndipo woyenda pang'ono aposa woyenda kwambiri pa kusamala dziko, kaya galimoto yake ndi ya mtundu wanji. Kuyenda pang'ono si cholakwa. Ngati cholakwa chilipo, chili pa kusagwirizana kwa munthu ndi chinthu chake: chida chopangidwira ulendo wa tsiku ndi tsiku chagwa m'manja mwa munthu wopanda ulendo, pamene wina wa maulendo ambiri ayendera galimoto yakale yofuka utsi.

Chifukwa chake mafunso ndi awiri, ndipo tisawasokoneze. Loyamba ndi la munthu amene sanagule. Lachiwiri ndi la amene ali nayo kale.

Loyambalo nlapafupi. Likhudza ukoma wa kuchenjera, umene uli kusankha njira yoyenera cholinga. Amene adziwa kuti maulendo ake ndi owerengeka, awerengere pamodzi mtengo wa galimoto, msonkho wa pa chipata, inshuwalansi ndi COF zimene azilipira iyende isayende, ndi oilo amene ayenera kusinthidwa ngakhale makilomita sadakwane. Atero agawe ndalamazo pa maulendo ake. Ambiri adzaona kuti kuchita hayala nkotsika mtengo kutalitali. Ndipo ngati galimoto ifunikadi, yaing'ono ya petulo, imene makaniko aliyense wa pa boma aidziwa, ipirira kugona kuposa haibulidi ya zaka khumi. Safunsa adadya phula. Pali chinanso chimene sitiyenera kuiwala: galimoto iliyonse igulidwa ndi ndalama zakunja, zomwe zija zimene fodya, tiyi ndi shuga zimabweretsa, zomwenso zigula mankhwala ndi feteleza. Tidaona mizere ya pa malo omwetsera mafuta mu 2022, 2023 ndi 2024. Tidaona kwacha ikugwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi magawo 44 mu Novembala 2023. M'dziko lotere, madola ogona pansi pa lona si nkhani ya nyumba imodzi yokha.

Koma munthu sagula ndi masamu okha. Tinene zoona: galimoto pakhomo ndi ulemu, ndipo haibulidi ipatsa ulemu wapawiri, wa munthu wopeza bwino ndi wa munthu wodziwa zinthu, wosamala chilengedwe. Apa mpamene mtima umanyenga mwini wake. Aristotle, mphunzitsi wa Agriki uja, adaphunzitsa kuti munthu asanduka wolungama pochita zolungama kawirikawiri, monga mmisiri asanduka mmisiri pomanga. Adatinso chuma chenicheni chioneka pa kuchigwiritsa ntchito koposa pa kukhala nacho. Ukoma tsono sugulidwa ku Japan. Munthu sakhala mlimi pogula khasu labwino, ndipo sakhala wosamala dziko pogula galimoto ya dzina labwino. Sindinena kuti kufuna ulemu nkoipa konse. Koma amene agula ulemu adziwe kuti wagula ulemu, asauveke dzina la ukoma.

Funso lachiwiri ndilo lovuta, ndipo pa ilo tikhalitse. Galimoto ilipo kale. Kodi mwini wake ali ndi mangawa kwa wina aliyense?

Akuluakulu a maphunziro adasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri aziyesa chimodzi: umwini ndi kagwiritsidwe. Thomas Aquinas, amene adamwalira mu 1274, adati nkoyenera ndithu kuti munthu akhale ndi zake, ndipo adapereka zifukwa za pansi pano: munthu asamala bwino chake kuposa cha gulu, zinthu ziyenda mwadongosolo pamene aliyense adziwa gawo lake, ndipo mikangano ichepa. Aliyense amene adaonapo zimene zimachitikira njinga ya gulu kapena chigayo cha kalabu adziwa kuti sadaname. Koma pa kagwiritsidwe adati munthu aziona zake ngati za onse, ndiko kuti akhale wokonzeka kugawirako ena pa kusowa kwawo. Papa Pius XI, m'kalata yake Quadragesimo Anno ya mu 1931, adabwereza kusiyanitsa komweku, naonjeza mfundo imene itithandiza kwambiri pano: umwini sutayika chifukwa chakuti mwini chinthu sachigwiritsa ntchito kapena achigwiritsa moipa. Adanenanso kuti udindo wogwiritsa bwino chuma suli wa m'bwalo la milandu, koma wa maukoma ena.

Motero galimoto yogonayo ndi ya mwini wake. Mphwake sangaitenge mokakamiza ponena kuti ikungoola. Abale sangapange msonkhano woilanda kwa mai wamasiye, monga zimachitika mochititsa manyazi pa maliro ena. Ngakhale a mpingo alibe mphamvu pa iyo. Mau amenewa ndiwanena molimba, chifukwa kwathu kuno munthu wokhala ndi kanthu amazunguliridwa msanga ndi anthu oyesa kuti ubale ndi chilolezo. Koma chinthu chimene bwalo silingafunse, chikumbumtima chimafunsa. Ndipo pa galimoto ya mtundu uwu funsolo lili ndi mano, pakuti tanena kale kuti kusunga kwake ndiko kuononga. Munthu wokwirira golide sathandiza mnzake, koma golideyo adzatsalira adzukulu. Wogoneka haibulidi sathandiza mnzake, ndiponso sasiyira mdzukulu kanthu, koma chitsulo chadzimbiri ndi batire lakufa. Amana anzake chinthu chimene iye mwini sachidya. Kumana kotere kulibe wopindula nako ngakhale mmodzi, kupatula makoswe.

Kapena wina adzati: Bambo, inu simudziwa kubwereketsa galimoto. Imapita yodzaza mafuta nibwera yopanda kanthu. Imapita yosalala nibwera yophwanyika. Wobwerekayo angopepesa pakamwa, ndalama za makaniko nzanga. Ameneyo wanena zoona, ndipo sindimtsutsa. Chikondi sichilamula kupereka makiyi kwa mnyamata aliyense wopempha, ndipo kupereka galimoto kwa woledzera kapena wopanda laisensi nkulakwira anthu onse oyenda mumseu. Koma pakati pa kupereka kwa aliyense ndi kumana aliyense pali njira yotakata. Makolo athu adali ndi mwambo woikiza ziweto: mwini ng'ombe kapena mbuzi zimene sangathe kuweta yekha ankaziika kwa munthu wokhulupirika, pamaso pa mboni, ndipo woweta ankapindula ndi mkaka ndi manyowa, chiweto chili cha mwini wake. Iwo adadziwa kuti chamoyo sichisungidwa potsekera. Pa chifukwa chimenechi adati kupatsa nkuika. Mabanja awiri kapena atatu odziwana angathe kuchita chimodzimodzi ndi galimoto, atalemberana bwino za mafuta, za kukonzetsa ndi za amene aziyendetsa. Afunsenso a inshuwalansi, pakuti inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo kawirikawiri siteteza pamene mwanyamula anthu olipira, ndipo ubwenzi wambiri wathera pa ngozi imodzi.

Pali chodzikanira china champhamvu kuposa chimenechi, ndipo ndichilemekeza. Mwini galimoto angati: simudamvetse ntchito yake. Ine sindidaigulire maulendo. Ndidaigulira usiku umodzi, usiku umene mkazi wanga adzabanika, chipatala chili makilomita 30, ambulansi kulibe. Pamenepa pali choona chakuya. Pali zinthu zimene ntchito yake ndi kudikira. Mlonda amene usiku wonse sadaone mbala sadagone pa ntchito. Ndipo kunena zoona galimoto zonse zimaima nthawi yaitali. Donald Shoup, mphunzitsi wa ku California amene adalemba za malo oimikapo magalimoto, adaonetsa kuti galimoto wamba imakhala itaima pafupi magawo 95 pa 100 a moyo wake. Mtendere wa mumtima wa nkhalamba yodziwa kuti njira ya kuchipatala ili pakhomo si chinthu chachabe.

Koma amene atchula chifukwa chimenechi wadzimanga yekha ndi zingwe ziwiri. Chingwe choyamba: mlonda ayenera kukhala maso. Galimoto imene yagona miyezi itatu, imene pa 2 koloko ya usiku mukanikiza batani nikhala chete chifukwa batire laling'ono lidatha, siinali kudikira konse, inali kufa. Wonena kuti aisungira tsiku la tsoka ali ndi udindo woiyendetsa sabata ndi sabata, kuona mphepo ya m'matayala, ndi kusunga mafuta okwanira. Akapanda kutero, banja lake likhulupirira chinthu chimene chidzawagwiritsa mwala pa ora loipitsitsa, ndipo zikadakhala bwino akadasunga ndalama ndi nambala ya foni ya mnansi woyendetsa takisi.

Chingwe chachiwiri ndicho chimene chiyesa mtima. Galimotoyo idikira tsoka la yani? Usiku wa matenda sufika pa nyumba imodzi yokha. Ngati mkazi wa mnansi wayamba kumva zowawa za kubereka, ndipo mudzi wonse udziwa kuti pa geti paja sagogoda, namnyamula pa njinga kapena pa ngolo akudutsa pa mpanda pomwe pali galimoto yofundikidwa, pamenepo sitikambanso za ulemu kapena za masamu. Aphunzitsi ambiri a za chikhalidwe agwirizana kuti pamene moyo wa munthu uli pa ngozi, wokhala ndi chothandizira ali ndi udindo weniweni, wosati wa kukoma mtima chabe. Ndipo taonani kukoma kwake kwa nkhaniyi: zingwe ziwirizi zithandizana. Galimoto imene inyamula odwala a m'dera lake imayenda, ndipo poyenda mabatire ake amadya. Pofika usiku wa mwini wake idzadzuka.

Nanga kugulitsa? Ambiri aopa kugulitsa chifukwa anthu adzati wasauka. Koma pa onse amene tawatchula, alipo ochuluka amene njira yawo yolungama ndi imeneyi. Haibulidi m'manja mwa woyendetsa takisi, kapena namwino woyenda tsiku ndi tsiku, ichita ntchito imene adaipangira, ndipo mtengo wake lero uposa wa chaka chamawa. Wogulitsayo anene zoona zokhazokha: makilomita ochepa pa mita si umboni wakuti batire nlabwino, ndipo kubisa kuti galimoto idagona chaka chathunthu, kuti wogula ayese wapeza mwayi, ndiko kuba kwa munthu wovala taye.

Ndili ndi mau kwa inu ana amene muli kunja. Mwachita bwino kukumbukira makolo anu. Koma mphatso imene kholo silingaigwiritse ntchito, ndiponso silingaigulitse poopa kukukhumudwitsani, isanduka katundu pamutu pa nkhalamba. Chaka ndi chaka atate anu alipira inshuwalansi ndi ndalama za mankhwala awo, kuti mukadzabwera pa Khirisimasi mudzaipeze ili pomwepo. Ngati galimotoyo ili yanu ya pa tchuthi, nenani poyera, mulipire zonse, mupezenso woiyendetsa. Ngati ili yawodi, auzeni ndi pakamwa panu kuti ali ndi ufulu woibwereketsa kapena kuigulitsa. Iwo sadzayamba okha kunena zimenezi. Ulemu wa makolo athu sulola.

Utsala mlandu wa mai wamasiye amene asunga galimoto ya malemu amuna ake, osaiyendetsa, osafuna kuigulitsa. Masamu onse amtsutsa, koma ine sindingamtsutse. Chisoni chili ndi nyengo yake, ndipo si kwa alendo kuifupikitsa. Amene afulumira kumuwerengera malita ndi makwacha kawirikawiri ndi omwe aja amene akuifuna galimotoyo. Chimene abale enieni ndi a m'mphakati angachite ndi kuisamala m'malo mwake kufikira iye mwini atatsimikiza mtima. Wina wokhulupirika, wokhala ndi laisensi, abwere kamodzi pa sabata, aichotse lona, aone ngati makoswe sadalowe pansi pa boneti ndi pa tizenera ta mphepo ya batire cha ku mpando wa kumbuyo, ndipo amtengere maiyo ku msika kapena kukaona anzake, ulendo wokwana kuti injini itenthe bwino. Ngati kuyenda sikutheka, aiyatse kwa ora limodzi giya ili pa P. Koma zimenezi azichitira pabwalo, osati m'garaja yotseka, chifukwa haibulidi imakhala chete ngati yozima, kenaka injini nkudzuka yokha, ndipo utsi wake uli ndi mpweya wopanda fungo umene umapha munthu asanazindikire.